Ndodo Yabwino ndi Imene Ungathe Kuipinda

Mphwanga,

Chithunzi chimene unanditumizira pa WhatsApp Lachitatu ndachiona, ndipo ndachiyang'ana kangapo. Ndodoyo ndi yokongoladi: yakuda bii, yonyezimira, mafiti 15, ndipo pamwamba pa chogwirira palembedwa kuti 7-9 oz. Wati mwini sitolo wakuuza kuti imeneyo ndiye imafika kutali kuposa zonse zimene ali nazo. Sanakunamize. Chimene sanakuuze n'chakuti imafika kutali ikakhala m'manja mwa yani. Ndalama wasungayo ndi thukuta la miyezi inayi, choncho undilole ndilankhule monga malume ako usanaipereke.

Iwe ndi ine tinabadwira kumadzi. Ku Senga Bay mwana amadziwa kumanga mbedza asanadziwe kulemba dzina lake. Ndiye ukafika kuno ku Durban n'kuona anthu atandandalika pa Blue Lagoon, pamene mtsinje wa Umgeni umathira m'nyanja, mtima umati izi ndi zathu zomwe zija. Mtima womwewo unandinyenga ine. Kwathu ndodo inali kansungwi kapena bango, ndipo ntchito yake inali yongotalikitsa mkono kuti twaini alendewere pamwamba pa madzi. Ukafuna kampango wa m'madzi akuya unkapalasa bwato n'kukaima pamutu pake. Kuno ulibe bwato. Waima pamchenga, mafunde akusweka patsogolo pako, ndipo nyambo iyenera kuuluka kudumpha thovu lonselo, ikagwe pamene pali nsomba, n'kukhazikika pomwepo osakokoloka. Ndodo ya kuno ndi chida choponyera. Mbale wake si kansungwi kathu kaja ayi. Mbale wake ndi uta.

Uta umene sungathe kuukoka, ngakhale utasemedwa ndi mtengo wabwino chotani, muvi wake umagwera pamapazi pako. N'chimodzimodzi ndodo. Ukamaponya, kulemera kwa mtovu ndi liwiro la thupi lako zimaipinda, iyo n'kusunga mphamvuyo kwa kanthawi kochepa, kenaka n'kuwongoka mwadzidzidzi n'kulavula mtovu. Ikapanda kupindika, chimene chatsala m'manja mwako ndi mzati. Ndodo ya 7-9 oz inapangidwira munthu wa thupi lodzaza, amene waponya zaka zambiri, amene akufuna shaki ndipo akuponya nyambo yaikulu ngati chikhatho. Iwe ukadali wochepa thupi, ndipo nsomba ukuzifuna ndi za ndiwo.

Chaka changa chachiwiri kuno ndinagula ndodo ngati yomweyo. Ndinaigula ndi maso, sindinafunse munthu. Loweruka lililonse ndinkabwera kunyumba phewa lakumanja likuyaka, msana uli gwa, ndipo mtovu wanga unkagwera pafupi kuposa wa anyamata a sukulu. M'mawa wina ku Warner Beach ndinaima pafupi ndi bambo wina wachikulire wachimwenye, woonda, wa imvi mutu wonse. Ndodo yake inali ya fibreglass, yakale, utoto utasupuka, ndipo pansi pake panali reel yathabwa, ija amati Scarborough, imene asodzi a ku Natal akhala nayo kuyambira kalekale. Sankathamanga, sankabuula. Ankangosiya mtovu pamchenga kumbuyo kwake, n'kuyamba pang'onopang'ono ngati munthu akutsegula chitseko cholemera, ndodo n'kuwerama kuyambira kunsonga mpaka pafupi ndi dzanja, kenaka mkono wakumanzere n'kukokera tsinde pachifuwa mwachangu. Mtovu unkachoka ndi kaphokoso kochepa n'kukagwa kuseri kwa funde lachitatu. Atandiona ndikulimbana, anapempha ndodo yanga, anaigwedeza kawiri, anaibweza. Anandibwereka yake. Nditaponya koyamba ndinamva chinthu chimene sindinamvepo miyezi yonse ija: ndodo ikudzaza m'manja mwanga, ikulemera pang'onopang'ono, kenaka ikupepuka kamodzin'kamodzi. Ndinafika patali kuposa kale lonse ndi theka la mphamvu. Tsiku limenelo ndi limene ndinayamba kuphunzira kuwedza panyanja ya mchere.

Tsono tiyeko ku manambala aja, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amasokera. Oz imodzi ndi magalamu 28 ndi kakusefukira. Mtovu wa 6 oz ndi magalamu 170. Pandodo pakalembedwa 4-6 oz, wopangayo akukuuza kulemera kumene ndodoyo imapindika nako bwino popanda kuthyoka. Koma kumbukira kuti nyambo nayo ili ndi thupi. Ukamanga sardine yathunthu ndi nyambo ina ija amati chokka pamwamba pake, ndodo ikumva zonsezo pamodzi ndi mtovu, ndipo nyambo yaikulu imagwiranso mphepo ngati nsalu. Ndodo zambiri zimagwira ntchito bwino pakati pa manambala awiriwo, osati pamapeto. Ya 4-6 oz imasangalala ndi mtovu wa 5 ndi nyambo yapakatikati. Ukaipatsa mtovu wopepuka kwambiri siidzuka. Ukaisenzetsa wolemera kwambiri imafooka, mtovu n'kukwera kumwamba m'malo mopita kutsogolo, ndipo tsiku lina udzamva kuti thyo.

Za kutalika ndinene mosabisa. Ndodo yaitali ili ndi ubwino weniweni. Nsonga yake imayenda ulendo wautali, ndiye imathamanga kwambiri ngati uli ndi mphamvu yoiyendetsa, komanso imakweza chingwe pamwamba pa mafunde a m'mphepete kuti asamakoke mtovu wako. N'chifukwa chake asodzi ambiri a pagombe lino amagwira mafiti 14, amene ndi mamita 4 ndi masentimita 27. Koma mpini wautali umapweteka mbali zonse ziwiri. Nsomba ikagwira, iyo ndi imene ili kumapeto kwa mpiniwo, ndipo fiti iliyonse yowonjezera ikuipatsa iyoyo mphamvu pamsana pako. Ukadzakokana ndi nsomba yamphamvu kwa theka la ola udzamvetsa. Pakati pa mafiti 13 amene ungawazungulitse mwachangu ndi mafiti 15 amene akukuzungulitsa iwe, ndodo yoyambayo ndiyo idzafika patali.

Pali china chimene sichilembedwa m'manambala, ndipo ndi chimene ndimachiyang'ana poyamba: ndodoyo imapindikira pati? Zina zimapindika kunsonga kokha, thupi lonse lili nji. Zimenezi zimaponya patali kwambiri m'manja mwa katswiri, ndipo nsomba ikangokhudza nyambo umamva nthawi yomweyo. Koma sizikhululuka. Ukachedwa kapena kufulumira kusiya chingwe ndi kamphindi kakang'ono, mtovu umapita kumbali kapena kudzimenya pamadzi pafupi, ndipo nyambo yofewa imathothoka pambedza isanafike. Zina zimapindika mpaka pakati, mwinanso kutsikirako. Zimenezi zimakupatsa mpata womva kuti tsopano yadzaza, zimanyamula nyambo mwaulemu, ndipo nsomba ikagwedeza mutu pafupi ndi gombe zimameza kugwedezako, mbedza osang'amba pakamwa. Wophunzira ayambe ndi yotereyi. Ndikunena izi mosakayika.

Ukalowa m'sitolo usachite manyazi. Lumikiza zidutswa zonse. Uza mnzako agwire nsonga ndi manja awiri, iwe unyamule pang'onopang'ono ngati muli nsomba, uone pamene kupindika kukuthera ndiponso mmene msana wako ukumvera. Kenaka igwire yopingasa, uigwedeze kamodzi mwamphamvu, uime. Yang'ana nsonga. Ndodo yabwino imanjenjemera kamodzi kapena kawiri n'kukhala chete. Imene ikupitiriza kuvina idzavinanso mtovu utachoka, chingwe n'kumamenya mphete, ndipo mamita ako adzathera pomwepo. Wogulitsa akakana kuti uiyese motero, tuluka. Masitolo a zowedzera mu Durban ndi ambiri.

Anthu amakangana kwambiri za graphite ndi fibreglass, koma nkhani yake ndi yaifupi. Fibreglass ndi yolemera, yofewa, yovuta kupha. Graphite ndi yopepuka, yachangu, imakuuza chilichonse chikuchitika pansi pa madzi, koma ndi yosalimba mtima. Ikagunda pamwala kapena kupanidwa ndi chitseko cha galimoto sioneka kuti yavulala. Imadzathyoka mlungu wotsatira uli pakati poponya, iwe n'kumadandaula kuti anakugulitsa yoola. Graphite yokwera mtengo kwambiri nthawi zambiri ndi imenenso ili ndi khoma lopyapyala kwambiri. Chikomekome cha mkuyu, mphwanga. Kwa iwe, graphite wamba yapakatikati, kapena yosakaniza ziwirizi, ndi yokwanira. Ndipo dziwa kuti graphite imayendetsa magetsi. Kukayamba kung'anima, igoneke pansi uchokepo. Ukamayenda nayo yolumikiza, yang'ana mawaya a magetsi pamwamba, makamaka pafupi ndi njanji ya kumwera kuja, imene sitima zake zimayendera magetsi ndipo asodzi amaidutsa tsiku ndi tsiku popita kugombe.

Eni dziko amene ali ndi mabaki amakonda ndodo yathunthu yopanda polumikiza, ndipo akunena zoona kuti imapindika mosalala. Koma iwe umagona m'chipinda chimodzi ndipo umayenda pa taxi. Mamita anayi udzawaika pati? Gula ya zidutswa zitatu. Chidutswa chilichonse chimakhala pafupifupi mita ndi theka, chimalowa m'thumba lansalu, chimaima kuseri kwa chitseko. Zolumikiza za masiku ano ndi zolimba moti kusiyana kwake sudzakumva. Ungosamala kuti mchenga usalowe polumikizirapo, ndipo nthawi zina uzipakapo kandulo pang'ono. Ndodo zina zimasiya kampata pakati pa zidutswa ziwiri ukalumikiza. Anazipanga choncho dala, usakakamize kuti zikumane.

Ndodo siyenda yokha, imayenda ndi reel, ndipo ziwirizi ziyenera kukhala za banja limodzi. Kuno reel ija amati multiplier imamangidwa pansi, pafupi ndi tsinde, ndipo chala chachikulu cha dzanja lapansi ndicho chimalamula chingwe. Ine ndinaphunzirira pa imeneyo ndipo ndimaikonda, koma imafuna miyezi yolira. Chala chikangoiwala, gudumu limathamanga kuposa chingwe, n'kukusiyira chisa cha mbalame chimene udzamasula dzuwa likutuluka anzako akugwira nsomba. Inayo, imene asodzi kuno amati grinder, imalendewera pansi pa ndodo ndipo ndi yosavuta kuphunzira. Kuyambira pamene chingwe chopyapyala cholukidwa, chija amati braid, chinafala, grinder inayamba kufika patali moti ngakhale akatswiri ambiri anasamukira komweko. Yamba ndi grinder. Koma uonetsetse kuti ndodoyo inapangidwira grinder: pomangira reel pake ndi mphete zake zimakhala zosiyana ndi za multiplier, ndipo ukasakaniza, chingwe chimakola mphete yoyamba poponya. Braid imadula chala ngati lumo pamene mtovu wa magalamu 170 ukukoka. Vala chotetezera chala, kapena umange pandodo kachitsulo kaja amati bionic finger, kamene kamagwira chingwe m'malo mwa chala chako.

Mphete zimenezi uziyang'ane bwino, makamaka ngati ukugula ndodo yakale kwa munthu, chimene sindikuletsa konse. Ndodo zanga ziwiri zabwino ndinazipeza motero. Tenga kathonje, ukapititse m'kati mwa mphete iliyonse. Pamene pali mng'alu wosaoneka ndi maso, thonje limakodwa. Mng'alu umenewo ndi umene udzadula chingwe chako nsomba ya chaka chonse ili kumapeto. Yendetsanso chala thupi lonse la ndodo kufuna zipsera zakuya, ndipo uyang'ane dzimbiri pamiyendo ya mphete. Mphete imasinthika pamtengo wochepa. Thupi losweka silichira.

Tsopano ndifike pa chimene achinyamata sachiganizira. Kuponya kumatenga masekondi asanu. Kugwira ndodo kumatenga usiku wonse. Ndodo ikhoza kuponya bwino koma n'kukhala yolemera kumutu, ikukokera nsonga pansi, ndipo pakatha maola atatu dzanja lako lafa dzanzi, maganizo achoka pa nyambo apita pa ululu. Nsomba ikadya nthawi imeneyo suimva. Choncho mangirira reel yako pandodo usanalipire, uime nayo mphindi khumi monga ungaimire pagombe, tsinde lili pamimba kapena m'kachidebe ka palamba kaja. Imva ngati ikukhala yokha kapena ikulimbana nawe. Yesanso mtunda wa pakati pa manja ako awiri. Ukakhala waufupi kwambiri ulibe mphamvu yokoka. Ukakhala wautali kuposa mikono yako, tsinde limakodwa m'malaya ndipo phewa limatambasuka mopweteka. Ndodo ziwiri za kulemera kofanana pasikelo zikhoza kumveka zosiyana kutalitali m'manja, ndipo palibe pepala limene lingakuuze zimenezo.

Ndikudziwa kuti chimene chikukukoka ndi mtunda. Ndi matenda athu tonse. Mwina wamva za Danny Moeskops wa ku Belgium, amene anaponya mtovu kupitirira mamita 280. N'zoona, koma anaponya pabwalo la udzu, wopanda nyambo, wopanda funde likumumenya m'mawondo. Pagombe, ndi nyambo ndi mphepo ya kumpoto chakum'mawa ikuwomba kumaso, munthu wofika mamita 100 ndi woponya bwino kwambiri. Ndipo nsomba zambiri zimene ndadya pakhomo panga zinagwidwa pafupi kuposa pamenepo. Nyanja ino imapuma kawiri patsiku, chinthu chimene nyanja yathu sichita. Madzi amakwera n'kutsika, ndipo tsiku lililonse amachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukafa, kusiyana kwake kuno kumayandikira mamita awiri. Pita pagombe madzi atatsikiratu, wopanda ndodo, ukaime pamalo okwera. Pamene mafunde akusweka n'kuyera pali chulu cha mchenga. Pamene madzi akuda ndipo funde likudutsa osasweka pali ngalande yakuya. Nsomba zimayenda m'ngalandemo ngati anthu mumsewu, zikudya zimene mafunde akukumba pachulu. Kangati ndaona mnyamata akuponya ndi mphamvu zake zonse kudumpha ngalande, nyambo yake n'kukagona pachulu pouma, pamene nsomba ija amati kob ikudya mamita 40 kuchokera pamapazi ake? Ndodo imene imaika nyambo pamene wayang'ana imaposa imene imangopita kutali.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna uchimve ndi makutu onse awiri. Ndi ndodo yolimba ija, tsiku lina ndinaponya ndi chingwe changa chopyapyala chokha, chifukwa ndinali ndi ulesi womanga chingwe chokhuthala cha kutsogolo. Pakati pa kuponya chingwe chinaduka. Mtovu sunapite kunyanja. Unapita m'mbali mwa gombe, mosaoneka, n'kukaboola chidebe cha banja lina limene linakhala pamchenga. Mwana wawo wamng'ono ankasewera pambali pa chidebecho. Ndinapepesa miyendo ikunjenjemera, ndipo mpaka lero ndikakumbukira m'mimba mumazizira. Lamulo la asodzi ndi lakuti pa oz iliyonse ya mtovu, chingwe cha kutsogolo chipirire mapaundi 10: mtovu wa 6 oz, chingwe cha mapaundi 60, chotalika moti chizungulire kangapo pa reel ukamaponya. Uchiyang'ane ndi zala nthawi ndi nthawi ngati chakhulika. Ndipo usanaponye, cheuka. Nthawi zonse, ngakhale pagombe pali iwe wekha.

Nyanja nayo usaizolowere chifukwa unasambira ku Salima. Kwa eni kulibe mkuwe. Mwera wathu ndi woopsa, koma umachenjeza. Kuno funde lalikulu limabwera pakati pa ang'onoang'ono tsiku la bata, ndipo ngalande zomwe zija zimene zimasunga nsomba zimakhala ndi mkokomo wokokera kunyanja. Usaifulatire nyanja uli pamwala. Mtovu ukakodwa, dula chingwe, usaulondole m'madzi.

Chilolezo chowedzera ugule usanagule ngakhale mbedza. Kale tinkachitenga ku positi ofesi, masiku ano chimapezekanso pa intaneti, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi ndodo. Uziyenda nacho. Nsomba imene udzayambe kuigwira mwina ndi shad, yamano akuthwa moti pamafunika kawaya pamwamba pa mbedza. Lamulo limalola zinayi patsiku, iliyonse yosachepera masentimita 30, ndipo kuyambira pa 1 October mpaka pa 30 November saigwira konse chifukwa ikuswana. Kob ya pagombe ndi imodzi patsiku, yosachepera masentimita 60. Nsomba yogwira ndi chilolezo chimenechi saigulitsa. Udzaona ena akukwirira shad mumchenga kubisa oyang'anira. Iwe usatero. Ndife alendo, ndipo mlandu wa mlendo umakula msanga. Kupatula apo, iwe ndi ine tinaona ndi maso athu mmene chambo chinachepera kwathu pamene aliyense ankati nyanja siitha.

Ukabwera kunyanja, tsuka ndodo ndi reel ndi madzi a pampopi, uziumitse pamthunzi, osaziika m'thumba zili zonyowa. Mchere umadya chitsulo usiku iwe uli mtulo.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Ndodo ya m'chithunziyo isiye m'sitolo. Funa ya mafiti 13 kapena 14, ya zidutswa zitatu, ya 4-6 oz, yopindika mpaka cha pakati, yopangidwira grinder. Ndalama yotsalayo ipite ku reel yolimba, chingwe chabwino ndi chilolezo. Ukadzaponya nayo zaka ziwiri, manja ako adzakuuza okha chimene akufuna, ndipo sudzafunikanso kufunsa ine.

Koma ngakhale imeneyo usaigule mlungu uno. Loweruka ubwere kwathu usiku ugone konkuno. Azakhali ako akuphikira. Tidzadzuka 4 koloko kupita ku Amanzimtoti. Ndidzanyamula ndodo zanga zitatu, yofewa, yapakati ndi yolimba, ndipo udzaponya iliyonse kakhumi ndi mtovu wokha, ine nditaima kumbuyo kwako. Ubwere ndi juzi, m'mawa pagombe pamazizira. Ndalama uisiye kunyumba.